Mmene A Dzuwa Anagwera M'ngalande

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 7, pamene ndinalemba sewero langa loyamba. Zinali zaka zija sukulu za pulaimale zitangokhala zaulere, ana titachuluka moti kalasi lathu linkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu. Ndinali mwana wosalankhulalankhula, koma makutu anga sankapuma. Akuluakulu ankandiona ndikutong'ola chimanga mwakachetechete n'kumaganiza kuti Edina sakumva kanthu. Ankadzinamiza. Chilichonse chimene ankanena ndinkachisunga, ndi kamvekedwe kake komwe.

Kwathu ndi ku Domasi, m'munsi mwa phiri, kumene timalima chimanga kumtunda ndi mpunga kumadambo. Mudzi umene ndinabadwira ndi wa amayi anga. Bambo anali mkamwini. Anachokera ku Naisi n'kudzamanga pamalo a akazi awo monga mwa mwambo wathu. Nyumba anamanga ndi iwo, munda ankalima ndi iwo, koma dothi silinali lawo, ndipo ife ana tinali mbumba ya amalume, a Disoni, mlongo wawo wa amayi. Ukwati ukanatha, bambo akanangokwera njinga yawo kubwerera ku Naisi, ife n'kutsala. Mwana aliyense wa m'mudzimo ankadziwa zimenezi popanda womuuza, koma ine chaka chimenecho ndinkagona nazo n'kudzuka nazo, chifukwa kwathu zinthu sizinali bwino.

Gwero la zonse linali munda wa mpunga. Bambo anaswa mphanje m'dambo limene aliyense ankalikana chifukwa cha bango ndi misundu, ndipo anakumba okha ngalande yobweretsa madzi. Mundawo utayamba kubereka bwino, amalume anakumbukira mwadzidzidzi kuti dambolo linali la agogo awo, n'kudula theka. Kuyambira pamenepo mawu sankatha panyumba pathu. Amalume ankabwera m'mawa, kuima pabwalo manja ali m'chiuno, n'kumafuula ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa mtsinje.

"Alamu, musaiwale kuti munabwera ndi chikwama chokha pano! Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndikusiyireni munda wonse kuti mawa mudzausenze kupita nawo ku Naisi?"

Bambo ankavula chipewa chawo, kuchiyang'ana mkati ngati muli yankho, n'kuchivalanso. Amayi ankakhala pakati, uku mlongo uku mwamuna, ndipo mkwiyo wawo unkathera pa mapoto ndi pa ife.

Panalinso agogo, amayi awo a amayi anga, amene kwa bambo anali apongozi. Chipongozi kwathu chinali cholimba. Bambo sankayenera kuyang'anana nawo maso ndi maso, kudya nawo, kapena kupambana nawo panjira. Akawaona akubwera ankapatukira m'tchire mpaka adutse. Akafuna kuuzana kanthu ankatuma ine, ngakhale wina ali pakhonde wina kuseri kwa nkhokwe, mawu akumvana bwinobwino. Tsiku lina, nthawi yowokera mpunga, anakumanizana pa kanjira kopapatiza ka pakati pa minda, kumene kulibe tchire lothawiramo. Bambo anali atasenza mtolo wa mbande. Anayamba kubwerera chambuyo, uku akuyesa kuvula chipewa ndi dzanja limodzi, phazi linaterereka, ndipo anagwera chagada m'ngalande, khuvu! Agogo anaphimba kumaso ndi chitenje n'kudutsa ngati sanaone kanthu, popeza ulemu wake unali womwewo. Kunali m'mamawa, kumunda kunalibe anthu. Ine ndekha ndinali pambuyo pawo. Bambo anavuuka ali matope okhaokha, n'kundiuza kuti, "Za panozi zitsale pompano." Ndinavomera.

Kusukulu tinali ndi aphunzitsi a Chichewa, a Mataya, mayi wachitsikana amene anali akuphunzira kumene ntchito. Tinkangowatchula kuti Madamu. Anali ndi buku lakale lachingerezi lopanda chikuto, ndipo Lachisanu lililonse ankatifotokozera m'Chichewa zimene zinali m'menemo. Linkanena za milungu ya dziko lina lakutali, imene inkakhala pamwamba pa phiri. Ife tinkayembekeza kumva zinthu zoopsa, koma milungu yake inali ngati anthu a pamowa. Bambo wa banjalo anali wamasomaso, mkazi wake wansanje, ana ankaberana ng'ombe n'kukanenezana. Tinkaseka mpaka nthiti kuwawa. Kenako Madamu anatiuza kuti pa tsiku lotsekera sukulu kalasi lathu lidzaonetse sewero.

"Phiri tili nalo, si ili apali? Ikanipo milungu yanuyanu. Koma mayina a kutchalitchi ndi kumzikiti muwasiye, ndingachotsedwe ntchito ndisanaiyambe n'komwe."

Anzanga analemba theka la tsamba n'kutopa. Ine ndinadzaza kope lonse m'masiku anayi. Pamwamba pa phiri la Zomba ndinaikapo banja. A Dzuwa anali mkamwini wochokera kum'mawa. Akazi awo anali a Mvula, amene akakwiya ankachapa zovala za banja lonse n'kuzifinyira pansi pano. Mlamu wawo anali a Mphenzi, wogunda kuti dziko lonse limve, koma wopanda ngakhale dontho limodzi la madzi akeake. A Mwezi anali apongozi, ndipo n'chifukwa chake saonekera limodzi ndi a Dzuwa: wina akatulukira uku, wina wathawira uko. Mkangano wawo unali wa mtambo umodzi wonenepa umene a Dzuwa anaulera kuyambira uli kakang'ono, koma a Mphenzi ankati ndi wa makolo awo. Ndinalongosolanso chimene dzuwa limalowera madzulo. A Dzuwa amakumanizana ndi apongozi awo pa kanjira kopapatiza, amabwerera chambuyo, n'kugwera m'ngalande ya kuseri kwa phiri, dziko lonse n'kuda.

Sindinavutike kupeka mawu, anali kale m'mutu. Ndinangowachotsa pabwalo pathu n'kuwakweza kuphiri. Koma pamapeto ndinaikapo chinthu china chimene sichinali cha pabwalo. Masana ena ndinali nditakwawira pansi pa nkhokwe kufuna mazira, ndipo bambo ndi amayi anabwera n'kuima kuseri kwake osadziwa kuti ndilipo. Bambo analankhula motsitsa mawu. Anauza amayi za kukhosi kwawo, mmene mtima unkawapwetekera pokhala pamudzi wa eni, ndi chimene chinkawachititsa kuti akhalebe. Mawu awo ankanjenjemera. Ndinali ndisanawamvepo akulankhula choncho, ndipo amayi analira. Mawu amenewo ndinawapereka kwa a Dzuwa kuti akhale omaliza m'sewero, osasintha ngakhale limodzi. Mumtima mwanga ndinkati ndikuikira bambo kumbuyo, anthu amve kuti mkamwini nayenso ndi munthu.

Madamu atawerenga kope langa anaseka mpaka kupukuta misozi. Analiwerenganso mokweza m'kalasi, n'kunena kuti sewero lathu lapezeka. Ndinadzimva. Mwana amene sankaitanidwa ngakhale ku masewera a fulaye, tsiku limenelo aliyense ankafuna kukhala naye pafupi. Akulu anati chakomachakoma pusi anagwa chagada, ndipo ine ndinali ndili kunsonga kwa mtengo.

Udindo wa a Dzuwa anapatsa Yusufu, mwana wa a golosale ya kumsewu, katswiri wotsanzira anthu m'kalasi lathu. Tsiku lachitatu la kuyeserera anabwera ndi chipewa chakutha. Mnyamata wokhala a Mphenzi atamufuulira kuti anabwera ndi chikwama chokha, Yusufu anavula chipewacho pang'onopang'ono, kuchiyang'ana mkati, n'kuchivalanso. Zimenezo sindinalembe m'kope. Kalasi lonse linafa nacho chiseko. Poweruka Yusufu anandipeza panjira.

"Iwe Edina, a Dzuwa akowa ndawadziwa. A Mphenzinso ndawadziwa, mawu awo amamveka mpaka kugolosale kwathu. Koma tandiuza, za m'ngalandezi zinachitikadi?"

"Ayi, n'zongopeka."

"Nanga thukutalo likuchokera kuti?"

Mawa lake ahedi analengeza kuti chaka chimenecho makolo onse akuitanidwa ku mwambo wotsekera sukulu, ndipo aliyense anapatsidwa kakalata kopita nako kunyumba. Apa m'pamene ndinazindikira chimene ndinachita. Ndinkaganiza kuti sewero langa lidzathera pansi pa mtengo wa mango pakati pa ana okhaokha. Tsopano mudzi wonse unkabwera kudzaona bambo anga akugwera m'ngalande, iwo eni ake ali pomwepo. Kunali kutatsala masabata awiri.

Masabata amenewo sindidzawaiwala. Chakudya chinkandikanika. Kunyumba ankhoswe anali atabwera kale kamodzi, n'kukhala ndi bambo ndi amayi kwa nthawi yaitali, ife atatithamangitsira kwa agogo. Kuyambira pamenepo ndinkayang'anitsitsa njinga ya bambo. Akamata chubu, mtima wanga unkati akukonzekera ulendo. Akathira oilo pa tcheni, ndinkapita kukasuzumira ngati chikwama chawo chili pa msomali pake. Ndinkadziwa kuti munthu ameneyu watsala pang'ono kutopa, ndipo ine ndi manja angawa ndinali nditakonza choti chimutopetse.

Ndinayesa njira zonse zimene mwana angaganize. Kakalata kaja ndinakaponya mumtsinje. Ndinapita kwa Madamu kukapempha kuti tichotse gawo la ngalande ndi mawu omaliza.

"Ndiye pokoma penipeni pamenepo! Wayamba manyazi, eti? Olemba onse amatero."

Kuti ndiwauze chifukwa chake, ndinayenera kuulula chimene ndinalonjeza kusunga, ngati kuti sindinachiulule kale. Ndinaganiza zoba kope lija n'kulitentha, koma ochita sewero anali ataloweza mawu onse. Ndinayesa kudwala, amayi anandimwetsa mankhwala owawa n'kunditumiza kusukulu. Ndinafika popemphera kuti tsikulo kugwe chimvula, ine yemwe ndinali nditangomaliza kunyoza a Mvula m'kope lonse.

Kutaya kakalata sikunathandize kanthu, chifukwa ana a amalume anakapereka kawo. Amalume anabwera pabwalo pathu akumwetulira, chinthu chachilendo. "Ndamva kuti mbumba yanga yalemba sewero. Nzeru za kwathu zimenezo! Tonse tipite, ndi amayi omwe." Iwo atachoka bambo anandiitana. Ndinapita ndikuganiza kuti amva zonse.

"Bwanji sunandiuze kuti walemba sewero?"

"Si labwino, ababa. Musavutike kupita. Mbalame zingathe mpunga."

"Mbalame zidye tsiku limodzi. Mwana wanga walemba chinthu, ine n'kukhala kumunda?"

Anauza amayi kuti awasitire shati yawo yoyera ya kutchalitchi. Ndinaona amayi akuika makala m'simbi, ndipo ndinathawira kuseri kwa nyumba kukalira. Chinkandipweteka kwambiri chinali chakuti bambo anali osangalala, ndipo panali patapita miyezi ndisanawaone choncho.

Chiyembekezo changa chomaliza chinali Yusufu. Ndinamupatsa mazira awiri ophika ndi nzimbe, n'kumupempha zinthu zitatu: asabwere ndi chipewa, asagwe chagada koma angothawa, ndipo mawu omaliza awadumphe ngati waiwala. Anandiyang'ana, n'kuona kuti sindikusewera.

"Walahi, Edina, sindichita. Chipewa ndisiya kunyumba."

Ndipo anasiyadi. Pa zimenezo sindingamunamizire.

Tsikulo linafika kumwamba kuli mbee, kopanda ngakhale kamtambo. Abambo anakhala pa mabenchi mbali imodzi, amayi pa mphasa mbali ina. Amalume anadzipezera malo kutsogolo kwenikweni. Bambo anakhala pa benchi yachitatu, shati yoyera, chipewa pamutu. Agogo anakhala kumapeto kwa mphasa atatembenukira pang'ono kumbali kuti maso awo asakumane ndi a mkamwini wawo. Ine ntchito yanga inali yokumbutsa oiwala mawu, choncho ndinabisala kuseri kwa bolodi ndi kope langa, ndikusuzumira pa kampata.

Poyamba zinayenda bwino. A Mvula anatulukira ndi ndowa ndi tsache, akuwaza madzi anthu a kutsogolo uku akudandaula kuti m'banjamo ochapa ndi iwo okha. A Mwezi anali atadzola ufa kumaso, akuyenda monyang'wa ndi ndodo. A Mphenzi ankamenya chidutswa cha lata asanalankhule liwu lililonse, ngakhale pofunsa mchere. Anthu anaseka, ndipo ine ndinayamba kupuma. Koma a Mphenzi atafuula kuti, "Alamu, munabwera ndi chikwama chokha kumwamba kuno!" ndinaona amayi a pamphasa akuyamba kukodolana ndi kulozerana ndi milomo. Maso onse anapita kwa amalume. Iwo ndiwo ankaseka kuposa aliyense, akudzimenya pantchafu. "Chitsiru cha munthu ichi! Phokoso lokhalokha!" Sanadzizindikire ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinawonjezera chiseko.

Chiseko chimaledzeretsa, ndipo Yusufu analedzera nacho. Ndinaona maso ake akusintha. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsomphola chipewa pamutu pa mkulu wina wa kutsogolo. Anachivala, kuchivula pang'onopang'ono, kuchiyang'ana mkati. Ndinanong'ona dzina lake kuseri kwa bolodi, koma ngakhale ndikanakuwa sakanandimva. Anthu anatembenuka onse kuyang'ana pa benchi yachitatu. Kenako a Mwezi anatulukira pa kanjira. Yusufu anasenza mtolo wa udzu, kubwerera chambuyo, dzanja limodzi kuchipewa, n'kudziponya chagada miyendo m'mwamba, a Mvula n'kumukhuthulira ndowa yonse. A Mwezi anaphimba kumaso ndi chitenje n'kudutsa. Pamphasa, agogo anga enieni nawonso anaphimba kumaso ndi chitenje chawo, ndipo aliyense amene ankakayika anasiya kukayika. Mayi wina anakuwa ali m'kati moseka, "Mayo ine, ndi abambo ake Edina amenewo!"

Ndinkaganiza kuti zafika pamapeto, koma Yusufu anadzuka ali chinyowere, kugwada pamaso pa a Mvula, n'kuyamba mawu omaliza aja. Sanadumphe ngakhale limodzi. Anawanena ndi mawu a bambo, motsitsa, monjenjemera. Mwina akanakhala oyamba m'sewero anthu akanakhala chete. Koma anali ataseka kwa nthawi yaitali, ndipo munthu wonyowa wovala m'khosi katoni yachikasu yoimira dzuwa akamalankhula zachisoni, anthu amangopitiriza kuseka. Anaseka mawu amene analiza amayi anga kuseri kwa nkhokwe. Amayi anaimirira, kumanga chitenje, n'kuchoka osacheuka. Bambo anakhalabe pamalo pawo, nkhope ili gwa, akuyang'ana kutsogolo. Sewero litatha anaomba m'manja pamodzi ndi anthu onse. Ahedi anandiitanira kutsogolo, kundigwira dzanja, n'kundipatsa makope awiri ndi pensulo. Ndinalandira ndikuyang'ana pansi.

Pobwerera bambo sanakwere njinga, ankangoikankha, ine ndili pambuyo. Ndinkalakalaka atathyola kamtengo n'kundikwapula kuti zithe, koma bambo sanali omenya. Titayenda mtunda ndithu, anandifunsa.

"Walemba wekha zonsezi?"

"Eya, ababa."

"Mutu uli nawo."

Tinadutsa pa mlatho wa mitengo. Kenako anaima n'kutsamiritsa njinga pa mwendo.

"Za m'ngalande zilibe kanthu kwenikweni, ngakhale unandilonjeza. Munthu amagwa, anthu amaseka, mawa aseka wina. Koma mawu omaliza aja unawatenga kuti?"

Ndinawauza za mazira ndi nkhokwe. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mawu amenewo ndinawasunga zaka zambiri ndisanawatulutse, ndipo ndinauza munthu mmodzi yekha. Lero ndawamva m'kamwa mwa mwana wa eni, mudzi wonse ukuseka."

"Ndimafuna anthu adziwe kuti amalume akukulakwirani."

"Unandifunsa?"

Anagwira njinga yawo n'kupitiriza ulendo.

Masiku otsatira anali oipa kuposa mmene ndinkaopera. Dzina la a Dzuwa linawamatirira. Ana ankabisala m'chimanga n'kukuwa kuti "khuvu!" iwo akamadutsa. Abambo anzawo ankawafunsa moseka ngati apongozi ali bwino. Choipitsitsa, anyamata a pamsewu ankagwada n'kumatsanzira mawu omaliza aja atsikana akamadutsa. Amalume atauzidwa kuti a Mphenzi anali iwowo, anabwera pabwalo akuthovoka, n'kunena kuti bambo ndi amene anandituma kuti ndinyoze eni mudzi, poti mwana sangaganize zotere payekha. Ndinalira, kulumbira kuti ndinalemba ndekha, koma palibe anandimvera. Mkamwini alibe dothi, alibe mbumba, chimene chimamukhazika pamudzi ndi ulemu basi. Bambo anali atapirira kulandidwa munda chifukwa anthu ankawalemekezabe, ndipo tsopano ulemuwo unali utapita.

Anadikira mpaka atamweta mpunga wa theka lawo, kuupuntha, n'kuulowetsa m'nyumba ya amayi. Loweruka lina m'mawa anamangirira chikwama ndi khasu pa kaliyala. Anakatsanzika kwa agogo kudzera mwa ine, monga mwa nthawi zonse, iwo ali kuseri kwa nkhokwe, agogo ali pakhonde. Ndinanyamula mawuwo kupita nawo ndi kubwera nawo misozi ili chuchuchu. Kenako anandigwira paphewa.

"Sindikuchoka chifukwa cha iwe. Nkhaniyi inayamba kale. Uzilimbikira sukulu."

Ndinathamangira njingayo mpaka kumsewu wa tala. Sanacheuke, ndipo sindikudziwa ngati anandimva ndikuitana. Ankhoswe anayenda pakati pa Domasi ndi Naisi kangapo konse, koma bambo sanabwererenso kudzakhala. Ankabwera pa maliro ndi pa matenda, n'kubwerera tsiku lomwelo. Amayi sanatchulepo za sewero lija mpaka tsiku limene anamwalira. Madamu anamva zimene zinachitika atachoka kale pasukulupo, ndipo ananditumizira kalata yopepesa, ngakhale kuti olakwa sanali iwo.

Kwa zaka zambiri ndinkadzifunsa ngati bambo akanakhala ndikanapanda kulemba. Mwina akanachokabe, poti mkangano wa munda sunali wanga. Koma sindingadzinamize kuti ndinalibe gawo. Lero ndine mphunzitsi, ndipo ndimalembabe masewero a ana anga a sukulu. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti milungu ya m'buku la Madamu inali yosavuta kuiseka chifukwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakhala pa benchi, atavala shati yoyera, kudzaonerera mwana wake. Yanga inali ndi eni ake, ndipo eni akewo anayenera kudzuka mawa lake n'kuyenda m'mudzi womwewo. Ndinamvetsanso kuti kumva mawu sikuwasandutsa ako. Ndinkati ndikuikira bambo kumbuyo, ndipo cholinga changa chinali chabwino ndithu, koma ndinatenga chinthu chokhacho chimene anali nacho chawochawo pamudzi uja n'kuchigawa kwa anthu popanda kupempha.

Nditamaliza kulemba nkhani ino ndinakwera minibasi kupita ku Naisi. Bambo akalamba, maso awo saonanso bwino, choncho ndinakhala pamphasa pafupi ndi mpando wawo n'kuwawerengera kuyambira poyamba. Nditafika pa ngalande anaseka mpaka kutsokomola.

"Imeneyo isiye. Ndinagwadi, ndipo madzi ake anali ozizira."

Za amalume anaseka, za chipewa anaseka. Koma papepala langa ndinali nditalembanso mawu a kuseri kwa nkhokwe aja, onse, poti ndimawakumbukirabe mpaka lero. Nditangoyamba mzere woyamba anakweza dzanja. Anatembenukira kumsewu.

"Amenewo chotsa, mwana wanga. Si akonso, si anganso. Ndinapatsa amako."

Ndinatenga cholembera pomwepo iwo akumva, n'kukhwatcha mzere uliwonse. N'chifukwa chake simunawapeze m'nkhani ino.